Kiyi wa Geti la ku Dambo

Mutu 6

1. Mudzi wa mbali ziwiri

Chaka chimenecho mvula inadula kumayambiriro kwa Epulo, ndipo pofika Meyi udzu wa m'mbali mwa misewu ya ku Kilmoyna unali utafiira. Kwathu kuno mvula imagwa chaka chonse, ndipo ikangodumpha sabata imodzi, anthu amakhala atayamba kale kudandaula pa sitolo. Ulendo uno panalibe wodandaulira mnzake, chifukwa theka la mudzi linali litasiya kulankhula ndi theka linalo.

Chinatigawa ndi dambo.

Kuyambira kale banja lililonse linali ndi chigawo chake m'dambo lalikulu la kumadzulo kwa mudzi. Kumeneko tinkadula tefu, dothi lakuda lija timaumitsa padzuwa n'kumasonkhera moto nyengo yozizira. Kenaka boma linaletsa. Linati dambo likauma limatulutsa mpweya wotenthetsa dziko, choncho liyenera kunyowanso. Anayamba kutseka ngalande za chakumpoto kuti madzi abwerere. Anamanga kanjira ka matabwa koti alendo aziyendapo poona mbalame, n'kuzungulizapo mpanda ndi geti.

Ena anavomera. Anaika masola pamadenga, anachotsa mbaula zawo n'kugula makina otenthetsa nyumba oyendera magetsi. Ana awo amene ankakhalira kutsokomola nyengo yozizira anasiya kutsokomola. Ena anakana. Anati mkuntho ukagwetsa mawaya, makinawo amangokhala chitsulo chozizira pakona. M'tchalitchi a masola ankakhala kumanja, a tefu kumanzere, ndipo wansembe ankalalikira akuyang'ana pakati.

Nuala Tarpey, mtsikana wa zaka khumi ndi zisanu, anali wa mbali zonse ziwiri. Kusukulu anali m'gulu losamala chilengedwe, ndipo ngalande zina anatseka nawo ndi manja ake. Kunyumba ankadya chakudya chophikidwa pa tefu.

Bambo ake anamwalira iye ali wamng'ono. Ankakhala ndi amayi ake a Breda, agogo ake aamuna a Malachy, amene mudzi wonse unkawadziwa kuti ndi pakamwa pa anthu a tefu, ndi mlongo wake wamkulu Cathal. Cathal ankayendetsa makina odulira tefu. Lamulo litabwera ntchito inatha, ndipo kuyambira pamenepo anasiya kumutchula Nuala dzina lake. Ankangoti a Nduna ya Achule.

2. Mawu a Mayi Devane

Lachisanu atawerukira, Mayi Devane, aphunzitsi a sayansi amene ankatsogolera gulu lija, anamuitana Nuala kuti atsale. Anali mayi wa imvi, wotsala pang'ono kupuma pa ntchito. Anatulutsa kiyi m'chikwama.

"Lolemba akuluakulu akubwera kudzatsegulira kanjira kathu," anatero. "Ine ndikuperekeza amuna anga kuchipatala kutauni, sindikudziwa kuti ndibwerako nthawi yanji. Zikwangwani munajambula zija mukazikhome Lolemba m'mawa sukulu isanayambe. Iwe umakhala pafupi ndi geti, ndiye sunga kiyiyu."

Nuala sanatambasule dzanja. "Bwanji osam'patsa Orla, aphunzitsi? Kwawo ndi a masola."

"N'chifukwa chake sindikum'patsa. Ndikam'patsa Orla, anthu anena kuti dambo lasanduka la mbali imodzi. Khala pansi pang'ono, Nuala.

"Ine ndinabadwira m'mudzi muno. Tefu ndinadula nawo mpaka manja kuchita matuza, ndipo fungo lake ndimalikondabe. Agogo ako si mdani wanga, ndinavina nawo pa ukwati wa amayi ako. Koma anthu akalandidwa chinthu chimene anakula nacho amamva kuwawa, ngakhale chifukwa chake chikhale chabwino bwanji. Ena kuwawako amakunena. Ena amakusunga, ndipo amenewo ndi amene ndikuwaopa. Akadziwa kuti kiyiyu ali ndi iwe, sadzabwera mwaukali ayi. Adzabwera bwinobwino, ndipo adzakhala munthu amene umam'konda. Adzati n'kanthu kakang'ono. Adzati abweza nthawi yomweyo, palibe amene adziwe. Ukadzamva zimenezo usadzatsutsane naye, sungapambane. Udzangoti kiyi si wanga, ndi wa a Devane. Mlandu wonse uukankhire kwa ine, ndinazolowera kudedwa."

Nuala anagwedeza mutu. Anamangirira kiyiyo ku chingwe n'kuchivala m'khosi, m'kati mwa malaya.

3. Patebulo

Loweruka madzulo a Breda anaphika mbatata, kabichi ndi nyama ya nkhumba. Wailesi inali ikunena kuti mvula siikuoneka, ndipo aliyense asayerekeze kuyatsa moto kutchire. A Breda anaitseka.

Cathal anayang'ana chingwe chimene chinkaonekera m'khosi mwa mlongo wake.

"A Nduna ya Achule, tamva kuti Lolemba kuli chikondwerero. Achulewo avala mataye?"

"Ena avala," anayankha Nuala. "Inu mukabwera mudzakhale kumbuyo. Malova tawasungira malo kumeneko."

Mawuwo anatuluka asanawaganize. Nkhope ya Cathal inafiira mpaka m'makutu.

"Nuala," anatero a Breda.

"Musiyeni, amayi, akunena zoona," anatero Cathal, akukankha mbale. "Achule ali ndi nyumba, ali ndi mpanda, ali ndi mlatho. Ine ndilibe ntchito. Koma matabwa amene aja mmene aumiramu, machesi amodzi okha akwana."

A Malachy anaika foloko pansi pang'onopang'ono.

"Iwe Cathal, undiyang'ane. Palibe munthu m'mudzi muno amene amadana ndi mpanda uja kuposa ine. Ndinanena m'holo pamaso pa onse, ndipo ndidzanenanso. Koma mawu watulutsawo usadzawabwerezenso m'nyumba muno, ngakhale mwanthabwala.

"Iwe moto wa m'dambo sunauonepo. Ine ndinauona ndili mnyamata, chaka chouma ngati chino. Unayamba ndi ndudu ya munthu wodutsa. Pamwamba unkathamanga kuposa hatchi, mphepo n'kumautembenuza mmene yafunira, moti anthu amene ankauthamangitsa anapezeka akuthamangitsidwa ndi iwo. Tinalimbana nawo mpaka malawi anatha. Tinapita kunyumba, tinasamba, tinayamikana. Koma unali utalowa pansi.

"Dambo louma ndi nkhuni, mwana iwe. Lonse lija ndi nkhuni, kuya kwake kuposa nyumba ino. Motowo unadya pansi chilimwe chonse. Pamwamba udzu uli chiimire, pansi pali ng'anjo. Ng'ombe za a Moran zinapondapo n'kutitimira mpaka m'mimba, ndipo kulira kwake ndimakumvabe. Utsi unkalowa m'nyumba ngakhale titatseka mawindo ndi nsanza. Mlongo wanga Nora unam'lowa m'chifuwa, ndipo sanachirenso.

"Boma latilanda dambo, inde. Koma dambolo lilipo. Tingapite kukhoti, tingachite misonkhano, tingakangane ndi a Devane mpaka iwe udzamere imvi. Ukaliwotcha, palibenso chokanganirana. Amene akufuna kulimbana ndi boma alimbane nalo ndi pakamwa, ataimirira, dzina lake likudziwika. Wamva?"

"Ndamva, agogo. Ndimangocheza."

"Kucheza kumeneko sindikukufuna."

Cathal anadzuka n'kutuluka. Nuala anatsala akuyang'ana mbale ya mlongo wake, nyama ili momwemo.

4. Tcheni ya njinga

Lamlungu pochokera kutchalitchi, Nuala anapeza Cathal atagadamitsa njinga ya mtsikanayo pabwalo. Tcheni yake inali ikuvuka kwa nthawi yaitali, ndipo iye anali atasiya kupempha kuti am'konzere.

"Tapalasa tione," anatero Cathal, akupukuta manja.

Nuala anazungulira bwalo. Tcheni sinavuke.

"Zikomo, achimwene." Anaima, akusewera ndi belu. "Za dzulo zija, pepani. Sindimayenera kutero."

"Zinatha zimenezo, Nuala."

Linali dzina lake. Anali atatha chaka asanalimve pakamwa pa mlongo wake.

Cathal anakhala pa khoma la miyala. "Agogo amanena zoona. Zolimbana ndi moto n'zauchitsiru. Ine ndi Fintan taganiza zina. Tikufuna tikathire ngolo imodzi ya tefu pamene kanjira kaja kakuyambira, tiikepo chikwangwani cholembedwa kuti ifenso tilipo. Mawa akuluakulu akafika ndi atolankhani awo, aone kuti m'mudzi muno mulinso anthu, si achule okha. Sitithyola kanthu. Tefu mukhoza kumuchotsa ndi wilibala."

"Ndiye mukundiuziranji?"

"Ngolo singadumphe mpanda."

Nuala anagwira pakhosi. "Kiyi si wanga. Ndi wa a Devane."

"Ndikudziwa. Ndipo ndiwe mwana wabwino wa a Devane, aliyense akudziwa." Cathal sanakweze mawu. "Ukakana, Fintan adula loko ndi sowo, ndiye ukhala mlandu wa apolisi, ine ndikagona m'chitokosi. Ukandibwereka, tilowa, tithira, titseka. Anthu onse akhala ali ku mpira. Mpira usanathe kiyi akhala ali m'khosi mwako."

Fintan Geraghty anali mnzake wa Cathal wa ku makina a tefu. Nuala sankamukonda. Ankaseka zinthu zosaseketsa.

"Mungothira tefu basi?"

"Tefu basi. Iwe uli ndi gulu lako, aphunzitsi ako, tsiku lako la mawa. Ine ndikupempha kanthu kamodzi kokha, kuti anthu andione kuti ndilipo."

Nuala anayang'ana kuwindo la kukhitchini. Amayi ake anali atafulatira. Anavula chingwe chija n'kuchiika m'dzanja la mlongo wake, lomwe linali lakuda ndi girisi wa njinga yake.

5. Utsi kumadzulo

Masana amenewo timu yathu inkasewera ndi ya mudzi woyandikana nawo. Mpira wokha ndi umene unkasonkhanitsabe a masola ndi a tefu, ngakhale kuti ankaima mbali zosiyana za bwalo. A Malachy anatsala kunyumba chifukwa cha bondo.

Nuala sanaone chigoli ngakhale chimodzi. Maso ake anali kumsewu. Pa nthawi yopuma anaona thirakitala ya a Geraghty itaima pafupi ndi bwalo, ngolo ili kumbuyo kwake, ana atakwerapo kuti aone bwino. M'mudzi monse ngolo imene Fintan akananyamulira tefu inali yomweyo.

Sanauze munthu. Anatenga njinga.

Geti anapeza lili lotsegula, kiyi akulendewera pa loko. Tefu panalibe, chikwangwani panalibe. Panali galimoto ya Fintan yokha, itatembenukira kale kumsewu. Nuala anagwetsa njinga n'kuthamanga pa matabwa.

Anawapeza m'kati mwenimweni mwa dambo, pamene pali kanyumba koonerako mbalame. Fungo la petulo linam'peza asanafike. Fintan anali akukhuthula chigubu pa makoma a kanyumbako. Cathal anaima chapatali, manja m'thumba.

"Achimwene, munati tefu."

Cathal anatembenuka, nkhope itasintha. "Ukufuna chiyani kuno? Bwerera."

"Afika a Nduna," anatero Fintan, akuseka. "Mwafika bwino, bwana. Tikutsegulira lero, mawa kuchuluka anthu."

"Fintan, basi," anatero Cathal. "Mwanayu wationa. Tiye tizipita."

"Wationa ndiye akauza ndani? Geti watsegula ndi iyeyo." Fintan anaponya chigubu pansi. "Kanyumba kokhaka, Cathal. Tinagwirizana. Kakapsa kagwera pansi, basi."

"Mphepo yakula. Taona udzu mmene ukugonera."

"Mantha ngati nkhalamba ya kwanu ija."

Nuala anathamangira kuti agwire mkono wake, koma machesi anali atagwa kale.

Kanyumbako sikanayake pang'onopang'ono ngati nkhuni za m'mbaula. Kanangoti phuu konse nthawi imodzi. Mphepo inanyamula malawi n'kuwagoneka pa zitsamba zouma, ndipo zitsambazo zinayamba kuthetheka mbali zonse. Fintan anasiya kuseka. Anabwerera m'mbuyo, anatembenuka, n'kuthamanga pa matabwa kulowera kugeti. Sanacheuke.

Cathal anavula jekete n'kuyamba kumenya moto. Nuala anatulutsa foni.

"Usaimbe," anakuwa Cathal. "Tiuzimitsa tokha. Nuala, ukaimba ndamangidwa."

Nuala anayang'ana mlongo wake, kenaka moto. Pamene Cathal wazimitsa malo amodzi, unkabuka malo ena atatu. Anaimba nambala ya ngozi.

"Dambo la ku Kilmoyna likuyaka," anatero mayi wina atayankha. "Bwerani msanga. Tili m'kati, pakanyumba ka mbalame."

"Muli angati? Dzina lako ndani, mwanawe?"

Nuala anadula foni.

Atatembenuka kuti athawe, njira inali itatha. Mphepo inali itakhota, ndipo moto unali utazungulira kumbuyo kwawo n'kugwira matabwa a pakati pa iwo ndi geti. Utsi unali wachikasu, wolemera, woluma m'maso. Jekete la Cathal linali litayaka, ndipo analitaya mochedwa. Anaima atatambasula manja patsogolo ngati si ake.

"Nuala, ndiwe wopepuka, dumphira uko uthamange."

"Kuti? Sindikuona kanthu."

Kenaka m'kati mwa utsi anamva mawu akuitana mayina awo, mawu okalamba, osasa.

6. Ngalande

A Malachy anatulukira chakumpoto, akutsimphina, fosholo ili m'manja, thalauza itanyowa mpaka m'chiuno. Anali ataona utsi ali pakhomo, n'kubwera pa thirakitala yawo yakale, n'kuisiya pageti. Anangoyang'ana chigubu, n'kuyang'ana manja a Cathal.

"Gwirani malaya anga. Muponde pamene ndaponda. Aliyense asalankhule, mumeza utsi."

Anawatsitsa pa matabwa n'kuwadutsitsa m'zitsamba, moto ukulira kumanzere kwawo. Nuala sankaona kumene akupita. Ankangomva nthaka ikusintha pansi pa nsapato, youma, kenaka yofewa, kenaka madzi ozizira anam'fika m'mawondo.

Inali ngalande imodzi mwa zija anatseka ana a sukulu. Madzi anali atadzaza mpaka kusefukira, ndipo ndere za m'mbali mwake zinali zobiriwira ngati kuti mvula inagwa dzulo.

"Lowetsa manjawo m'madzi," anatero a Malachy kwa Cathal. "Usawatulutse."

Anagwada m'madzimo, mitu pansi. Moto unafika mpaka pamene nthaka yonyowa imayambira. Unanyambita ndere, unalilima, unafuka nthunzi, koma sunawoloke. Unatembenukira kum'mwera, kumene dambo linali louma, kumene kunali nyumba zoyamba za mudzi.

A Malachy anauyang'ana nthawi yaitali, akupuma movutika.

"Madzi ako atisunga, mdzukulu wanga," anatero. "Zimenezo ndavomera. Zinazo tidzakangana tikadzapeza mpata." Anatsokomola. "Geti anatsegula ndani?"

"Ndine, agogo," anatero Cathal. "Ndinam'namiza."

"Ndinapereka ndekha," anatero Nuala. "A Devane anandichenjeza."

A Malachy anatseka maso. Kutali kunayamba kumveka kulira kwa galimoto za ozimitsa moto.

"Mverani bwino nonse awiri, sindibwereza. Tsatani ngalande imeneyi mpaka pampanda wa kumpoto. Pansi pake pali mpata pamene nkhandwe zimadutsa. Mukatuluka mudzere m'munda wa a Moran, osati mumsewu. Cathal, ukafika kunyumba amayi ako akumange manjawo, ndipo usaonekere pawindo. Iwe uli ndi zaka zoti akakutsekera, moyo wako wonse ukhala wa munthu amene anawotcha dambo. Palibe adzakulembe ntchito kuno ngakhale kutsidya la nyanja. Nuala, ukasinthe zovala, ukapite kumene kuli anthu, ukanyamule ndowa ngati ana ena onse. Kuno simunafikeko."

"Nanga inu, agogo?"

"Ndikukachotsa thirakitala isanapse."

"Njinga yanga ili pageti."

"Ndaiona. Pitani."

Anawasiya m'madzimo n'kubwerera chakugeti, akudzera m'mphepete mwa malo onyowa, fosholo ikuwathandiza ngati ndodo.

7. Pamsewu wa kudambo

Mpira sunathe tsiku limenelo. Anthu anachoka pabwalo onse pamodzi, ndipo kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho palibe anayang'ana kuti waima pafupi ndi ndani. A masola ndi a tefu anapanga mzere umodzi kuchokera pampopi mpaka kunyumba za kum'mwera, akupatsirana ndowa, akunyowetsa mipanda ndi milu ya udzu wa ng'ombe. Amayi ena ankanyamula ana ndi okalamba kupita nawo kuholo. Khola limodzi linapsa. Nyumba zinapulumuka.

Nuala anali mumzeremo, atavala zovala zouma, pafupi ndi amayi ake. A Breda anali atamanga kale manja a Cathal kunyumba.

Dzuwa litapendeka malawi anali atachepa. Koma mkulu wa ozimitsa moto sanaoneke wokondwa. Analoza malo angapo pamene utsi woonda unkatuluka m'nthaka popanda lawi lililonse, n'kuuza anthu kuti aliyense asapondenso m'dambomo, ndipo amene ali ndi chifuwa akagone kwa abale kutali.

Apa m'pamene anthu anayamba kucheukira kugeti.

Galimoto ya apolisi inali itaima pamenepo. Pambali pake panali thirakitala ya a Malachy, ndipo kumbuyo kwake, pansi pa thumba, wapolisi wamwamuna anali akusolola njinga ya Nuala. Wapolisi wamkazi, a Sajeni Lavelle a kupolisi ya kutauni, anali atanyamula kiyi wa chingwe m'kathumba ka pulasitiki. A Malachy anaima pakati pawo, nkhope yakuda ndi mwaye.

Phokoso la ndowa linatha. Mawu a nkhalambayo ankamveka mpaka kumzere.

"Ndanena kale. Kiyi ndinatenga pamene mdzukulu wanga anamuika, iye osadziwa. Njingayo ndimapita nayo kokonzetsa. Ndinali ndekha."

"Pa msinkhu wanuwu, bambo Tarpey, ndi bondo limenelo?" anafunsa a Lavelle.

"Machesi salemera."

Mumzere munayamba manong'onong'o. Wina wa masola anati ankadziwa kuti zidzatha chonchi. Wina wa tefu anavula chipewa n'kuyang'ana pansi. Anthu amene anali atangopatsirana ndowa anayamba kutalikirana pang'onopang'ono, aliyense kubwerera kwa anzake. Kumapeto kwa mzere Fintan Geraghty anali atanyamula ndowa ziwiri, malaya atanyowa ngati munthu amene wagwira ntchito kuposa onse.

Nuala anaika ndowa pansi n'kuponda phazi limodzi kutsogolo. Dzanja la amayi ake linam'gwira pamkono, zala zikulowa m'mnofu.

"Ukatsegula pakamwa, ndataya Cathal," ananong'ona a Breda, osam'yang'ana. "Agogo ako asankha okha. Ima pomwepo."

"Koma akunama, amayi."

"Ndikudziwa. Ima pomwepo."

Apolisi anatsegula chitseko cha kumbuyo. Polowa, a Malachy anayang'ana mumzere mpaka anam'peza Nuala. Anapukusa mutu kamodzi, pang'ono kwambiri, kenaka anawerama n'kulowa.

Koma galimotoyo sinanyamuke. A Lavelle analankhula kanthawi pa foni, akumvetsera kwambiri kuposa kulankhula. Atamaliza anayenda kubwera kumene kunali anthu, n'kuima pakati pa msewu.

"Pepani, ndikudziwa kuti mwatopa," anatero. "Bambo Tarpey akuti anali okha m'dambomo. Koma amene anaitana ozimitsa moto sanali mwamuna. Anali mtsikana, ndipo sananene kuti ndili m'kati. Anati tili m'kati. Ngati pali mwana amene watsala m'dambomo, ndiyenera kudziwa kusanade. Ngati anatuluka, ndikufuna ndimve kwa iye kuti anali ndi ndani."

Utsi unkadutsa pakati pa anthu, wina anatsokomola.

"Chabwino," anatero a Lavelle. "Nambala yake andipatsa amene analandira foniyo."

Anadina manambala n'kuika foni kukhutu, maso ake akuyenda pa nkhope za atsikana mmodzimmodzi.

M'thumba la Nuala, foni inayamba kulira.